Mawu Otsazika Mnzathu Wopita Kukaphunzitsa ku Quelimane



Pa tsiku lino lokumbukira zaka za Mvano wathu, komiti yatituma kuti tinenepo mawu pang'ono za mnzathu amene akutisiya. Nonse mukuwadziwa. Ndi mayi mphunzitsi aja amene akhala akutiwerengera makalata a Chingerezi ndi kutisungira bwino buku la chuma. Apeza ntchito yophunzitsa Chingerezi mu mzinda wa Quelimane ku Mozambique, ndipo anyamuka sukulu za kumeneko zikamatsegulidwa kumayambiriro a chaka. Iwo mtima uli dyokodyoko, akuwerenga masiku. Koma enafe mitima ili m'mwamba, ndipo tamva ena akufunsa kuti, kodi akukafunanji kwa eni, kusiya ana awiri ndi mayi okalamba? Funsoli ndi loyenera, ndipo tifuna tiliyankhe pamaso pa onse.

Poyamba tinene chifukwa chake akufunika kumeneko. Anzathu a ku Mozambique analamulidwa ndi Apwitikizi mpaka pa 25 Juni 1975, choncho m'sukulu ndi m'maofesi mwawo amalankhula Chipwitikizi. Koma maiko owazungulira, monga Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa, amagwiritsa ntchito Chingerezi. Mu 1995 Mozambique analowa m'bungwe la Commonwealth, ngakhale sanalamulidwepo ndi Angerezi. Mwana wa kumeneko wodziwa Chingerezi savutika pa malonda ndi pofuna ntchito. Nchifukwa chake aphunzitsi ngati mnzathuyu amafunidwa.

Chachiwiri, kumene akupitako si kuchilendo kwenikweni. Akadutsa pa chipata cha Muloza afika pa Milange, pamene ambirife timakagula chimanga ndi nyemba. Kuchoka apo msewu upita ku Mocuba, kenaka ku Nicoadala, mpaka ku Quelimane, ulendo wa makilomita oposa 300. Makolo a ambiri a ife Alomwe anachokera mbali zomwezo, nabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Ndiponso njira imeneyi aphunzitsi athu anaiyendapo kale. Mu 1913 a Lewis Mataka Bandawe, amene anaphunzira pa Mishoni ya Blantyre, anapita ku Mihecani m'dziko la Alomwe. Anakhala kumeneko mpaka 1928, akuphunzitsa ndi kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Nthawi imeneyo kunalibe basi kapena lamya ya m'manja. Ngati iwo anatha, nanga mwana wathu alephera bwanji?

Tikumbukenso masiku a nkhondo. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi, ndipo ena anakhala pakati pathu konkuno ku Mulanje. Amayi achikulire muli panonu mukukumbuka momwe tinkagawana nawo ufa, chinangwa ndi nandolo, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, iwo nayamba kubwerera kwawo. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anayamba wasakaza Quelimane asanafike kuno kudzagumula phiri ndi kutenga abale athu. Maliro awo ndi athu anali amodzi. Anthu amene tinalira nawo limodzi si alendo.

Komabe sitikunamizani, amayi aphunzitsi, kuti zonse zikakhala zofewa. Walira mvula walira matope. Quelimane ali kufupi ndi nyanja ya mchere, kumatentha kwambiri ndipo udzudzu ndi wambiri. Mphepo yozizira ya m'phiri la Mulanje mukaisowa. Musaiwale neti, ndipo thupi likangotentha thamangirani kuchipatala. Ndalama ya kumeneko ndi metikali, muyambe mwaiphunzira musanalowe mumsika. Anthu ake amalankhula Chichuwabo ndi Chipwitikizi, ndiye inu amene mwazolowera kuima kutsogolo ndi choko mukakhalanso ngati mwana wa Sitandade 1. Musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Mukaphunzire moni wawo msanga, pakuti mwana amamvera mphunzitsi amene walemekeza chilankhulo cha amake. Mukapeza mpunga ndi ndiwo zothira kokonati, mukadye mothokoza, osanyoza chakudya cha eni mudzi.

Pali chinthu china chimene tikuwayamikira mnzathuwa, ndipo atsikana muli panonu tcherani khutu. Iwo sanathamangire ulendo chifukwa cha mawu okoma a pa lamya. Anayamba alandira kalata ya ntchito yonena za malipiro ndi nyumba, anatenga pasipoti, ndipo akudikira chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Tonse tinamva za atsikana a dziko lino amene ananyengedwa kupita ku Oman, nakalandidwa mapasipoti, ena osabwerako amoyo. Munthu akakulonjezani ntchito kunja koma akukana kulemba pa pepala, bwerani mudzafunse kwa akulu musanagulitse mbuzi ya amayi anu.

Tsopano tibwere kwa ife otsala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komiti yagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, amayi awiri azipita kwa agogo sabata iliyonse mosinthana, kukaona ngati pali ufa, nkhuni ndi madzi. Chachiwiri, nthawi yolima ndi yokolola tidzapita tonse kumunda kwawo ndi makasu athu. Chachitatu, Amayi a Pampando aziona makope a ana aja pakutha pa teremu, ndi kutumiza mawu kwa mayi awo. Maina a oyamba tilemba lero lomwe tisanabalalike, kuti lonjezoli lisathere m'kamwa.

Kwa inu amayi aphunzitsi tikuti, bulauzi yoyera ndi duku lanu mutenge. Mukafika mukafunefune kumene amayi amasonkhana, mukadziwike. Ndalama ya ana muzitumiza pa nthawi yake, ndipo tchuthi chikafika muzibwera, pakuti mwana sakula ndi chithunzi cha amake. Dzina lanu sitilifufuta m'kaundula wathu.

Pitani bwino, ndipo Ambuye akutsogolereni.