MAU A CHINGEREZI OYEREKEZA ZINTHU: ZIMENE MLIMI AYENERA KUDZIWA

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera la Diamphwe, m'boma la Lilongwe. Taisindikiza muno kuti mafumu aiwerenge kwa anthu ao pa bwalo.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndimagwira ntchito m'midzi ya kufupi ndi mtsinje wa Diamphwe, kuyambira cha ku Mitundu kufikira ku Nathenje. Masiku onse ndikabwera pano ndimakamba za mizera, za manyowa ndi za nkhokwe, koma lero ndadza ndi nkhani yachilendo pang'ono, ndiyo ya mau ena a Chingerezi. Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangiziyu wasanduka mphunzitsi?" Iai, ndikadali mlangizi. Tamverani chimene chandichititsa.

M'dera langa muli bambo wina, mlimi wakhama ndithu, amene mvula yoyamba inampeza ali kuchipatala kudwazika akazi ake. Pobwerako December anali atatsala pang'ono kutha, ndipo anzake anali atayamba kale kupalira. Iye anadziwa kuti afunika mbeu ya chimanga yocha msanga, napita kumsika. Wogulitsa anamuonetsa paketi yokongola, nati, "Tengani iyi, bambo, ndiyo best." Bamboyo liu limenelo analidziwa kuchokera kusukulu, ndipo anagula mapaketi atatu. Koma pa paketipo panalembedwanso mau ena ang'onoang'ono akuti late maturing, ndiko kuti yochedwa kucha, ndipo amenewo sanawamve. Chimanga chinamera bwino, chinatalika, koma mvula inaleka chisanakhwime, kotero kuti pofika September banja lija linali litayamba kale kugula ufa. Mbeu ija siinali yoipa ai. Inali mbeu yabwino kwa munthu wobzala ndi mvula yoyamba. Chimene chinamgwetsa mnzathuyo ndi mau. Nchifukwa chake ndaganiza kuti lero tiphunzire pamodzi mau amene Chingerezi chimayerekezera nao zinthu, pakuti adzaza pa matumba a feteleza, pa mapaketi a mbeu ndi pa mabotolo a mankhwala.

Makwerero atatu

M'Chichewa chathu tikafuna kuyerekeza timati, "Nkhokwe ya Achisale ndi yaikulu, ya Anaphiri ndi yaikulu kuposa ya Achisale, koma ya amfumu ndiyo yaikulu koposa zonse." Taonani kuti liu lakuti yaikulu silinasinthe, tangoonjezapo kuposa ndi koposa zonse. Chingerezi sichitero. Icho chimasintha mchira wa liu lenilenilo, ndipo pali makwerero atatu.

Chinthu chachikulu amati big. Chikakula kuposa chinzake amaika malembo awiri kumapeto, e ndi r, nati bigger, ndipo m'makutu mwathu limamveka ngati biga. Chikapambana zonse amaika malembo atatu, e, s ndi t, nati biggest. Tsono khwerero lachiwiri ndi loyerekeza zinthu ziwiri zokha, ndipo lachitatu ndi la zinthu zitatu kapena zambiri.

Tiyese ndi mapiri amene tiwadziwa. Kutalika kopita kumwamba amati high. Phiri la Bunda, limene anthu a ku Mitundu amaliona tsiku ndi tsiku, ndi high. Phiri la Dedza liposa Bunda, choncho ndi higher. Koma Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, aposa mapiri onse a m'Malawi, ndiye highest.

Pali timau tiwiri timene timayenda ndi makwererowa ngati ng'ombe ndi goli. Pambuyo pa liu la khwerero lachiwiri pamabwera than, ndiye kuposa wathu uja: Dedza is higher than Bunda. Patsogolo pa liu la khwerero lachitatu pamabwera the: Mulanje is the highest. Kaliu ka than musakaiwale, pakuti tibwererakonso.

Mau a m'munda

Mau aafupi ambiri amatsata njira yomweyi. Chotchipa ndi cheap, cheaper, cheapest. Champhamvu ndi strong, stronger, strongest. Cholimba ndi hard, harder, hardest. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze anatulutsa chimanga cha MH17 ndi MH18, ndipo amai anachikonda chifukwa maso ake anali harder, olimba kuposa a haibulidi wakale, kotero kuti chinkakonoleka bwino mumtondo monga cha makolo.

Mau ena amasintha pang'ono polemba. Liu lothera ndi y limataya y nkutenga i: msanga ndi early, earlier, earliest, cholemera ndi heavy, heavier, heaviest, chouma ndi dry, drier, driest. Liu lothera kale ndi e silifuna e wina: mochedwa ndi late, later, latest, chotambalala ndi wide, wider, widest, choyandikana ndi close, closer, closest. Kale tinkaunga mizera motalikirana mapazi atatu, ndiwo masentimita 90, ndi kubzala mbeu zitatu pa phando. Tsopano timalangiza mizera ya masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Mukaona pa pepala mau akuti closer spacing, akunena kabzalidwe koyandikana kotereka.

Mau aatali salandira mchira, chifukwa lilime lingalemedwe. M'malo mwake amaika more patsogolo pa khwerero lachiwiri, ndi most pa lachitatu. Chodula ndi expensive, more expensive, most expensive. Choopsa ndi dangerous, more dangerous, most dangerous. Mbeu yopirira matenda amati resistant, ndipo yopirira kuposa inzake ndi more resistant. Koma musaphatikize njira ziwirizi. Kunena kuti more bigger kuli ngati kuvala zipewa ziwiri pa mutu umodzi.

Tsono pali mau ochepa osamvera lamulo, ndipo amenewa ndiwo ofunika koposa, muyenera kungowaloweza. Chabwino ndi good, better, best. Choipa ndi bad, worse, worst. Chochepa ndi little, less, least. Zambiri ndi many, more, most. Chenjerani ndi more ndi less, pakuti ndi mau otsutsana. Wolangizidwa kuti athire mankhwala less, iye nathira more, atentha mbeu zake, kapenanso adwalitsa ana ake amene adzadya ndiwozo.

Kuposa chiani?

Apa ndipo pagona nkhani yanga, ndipo ndipempha kuti mutchere khutu. Liu liri lonse la khwerero lachiwiri limafuna than. Munthu akati Dedza ndi higher, ayenera kunena kuti kuposa phiri liti. Koma ogulitsa malonda amakonda kusiya than panja. Pa paketi amangolemba higher yield, ndiko kuti zokolola zochulukirapo, osanena kuti kuposa mbeu iti, pa nthaka yotani, ndi feteleza wochuluka bwanji. Mlimi wanzeru afunse yekha, "Kuposa chiani?" Ngati ndi kuposa chimanga cha makolo cholimidwa popanda feteleza, pamenepo palibe chodabwitsa. Safunsa anadya phula.

Chitsanzo chabwino ndi feteleza wobereketsa. Chakudya chimene chimabiriwitsa chimanga chimatchedwa naitirojeni, ndipo nambala yake imalembedwa pa thumba. Pa yureya pamalembedwa 46, pa CAN 27, pa salifeti 21. Ndiko kuti salifeti ndi high, CAN ndi higher, yureya ndiye highest. M'thumba la makilogalamu 50 la yureya muli makilogalamu 23 a naitirojeni, m'thumba la CAN muli 13 ndi theka, m'thumba la salifeti muli 10 ndi theka. Taonani tsono: matumba awiri a salifeti safika pa thumba limodzi la yureya. Wogulitsa akakuuzani kuti salifeti ndi cheaper, akunena zoona za mtengo wa thumba. Koma ngati mtengowo ufika theka la mtengo wa yureya kapena kupitirira, ndiye kuti naitirojeni wake mukumgula modula. Salifeti ali ndi ubwino wake, pakuti muli safa amene nthaka zathu zambiri zimamsowa, koma mumgule mukudziwa chimene mukugula, osati chifukwa cha liu lakuti cheaper.

Chimodzimodzi ndi liu lija lakuti best. Palibe mbeu imene iri yabwino koposa kwa munthu ali yense, chaka chiri chonse. Inu nonse mudziwa mbeu za chimanga zotchedwa ndi maina a nyama. Kanyani amacha earlier, msanga kuposa Mkango, ndipo Njobvu amacha later, mochedwa kuposa onse awiriwo. Njobvu akabzalidwa ndi mvula yoyamba, pa nthaka yachonde, napatsidwa feteleza wokwanira, amabereka koposa Kanyani, chifukwa amakhala masiku ambiri m'munda. Koma kwa munthu wochedwa kubzala, kapena wofuna chimanga chothamangitsa njala ya mu February ndi March, Kanyani ndiye better. Ku mtedza nakonso nchimodzimodzi. Chalimbana ali ndi maso larger, aakulu kuposa a Kakoma, koma Kakoma amacha earlier. Wabwino ndi uti? Yankho liri m'munda mwanu ndi pa tsiku limene mwabzala, siliri pa paketi ai. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Misampha iwiri

Pali mau awiri amene amasokoneza ngakhale anthu opita kusukulu. Loyamba ndi latest. Pa makwerero athu aja litanthauza chochedwa koposa, koma pa malonda kawirikawiri litanthauza chatsopano, chimene changotuluka kumene. Mukamva kuti mbeu iyi ndi latest, funsani kuti akunena kuti ndi yatsopano kapena yochedwa kucha, ndipo kumbukirani kuti chatsopano sichikhala chabwino chifukwa chongokhala chatsopano.

Lachiwiri ndi best before, limene mumaliona pa mapaketi a zakudya ndi katundu wina, ndipo pambali pake pali mwezi ndi chaka. Mau amenewa sakuyamikira katunduyo ai. Akukuchenjezani kuti mumgwiritse ntchito tsiku limenelo lisanafike. Pa mabotolo a mankhwala a ziweto ndi a mbeu pamakhalanso tsiku lotere, lolembedwa pafupi ndi malembo akuti EXP. Ngati tsikulo lapita, musiyeni katunduyo pa shelefu ngakhale atakutsitsirani mtengo.

Pempho kwa mafumu

Tsopano nditembenukire kwa inu, mafumu athu, pakuti anthu amamva mau anu kuposa a mlangizi. Ndipempha zinthu zitatu.

Choyamba, mwezi wa October usanathe, anthu asanayambe kugula zipangizo, itanitsani msonkhano pa bwalo. Uzani anthu abwere ndi matumba akale a feteleza ndi mapaketi a mbeu a chaka chatha. M'mudzi uli wonse muli mwana wa Sitandade 6 kapena 7 amene anaphunzira kale mau amenewa. Aimirire, awerenge mokweza, ndipo anthu afune pamodzi mau othera ndi er ndi est, ndi mau a more, most ndi less. Palibe manyazi kuti gogo aphunzire kwa mdzukulu wake, pakuti ndalama ya sukulu inachokera m'munda momwemo.

Chachiwiri, limbikitsani anthu kuti munthu wosadziwa kuwerenga asapite yekha kukagula mbeu kapena mankhwala ku Mitundu, ku Nathenje kapena mu mzinda wa Lilongwe. Apite ndi mnzake wa m'kalabu kapena mwana wodziwa kuwerenga. Agule m'sitolo yovomerezeka, paketi yosatsegulidwa, ndipo alandire lisiti.

Chachitatu, patulani kamunda kachitsanzo pafupi ndi njira. Tibzalemo mbeu ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi, mizera yofanana, feteleza wofanana, ndipo pokolola tiyeze pa sikelo anthu onse akuona. Pamenepo mudzi udzadziwa wokha kuti good ndi iti, better ndi iti, ndi best ndi iti pa nthaka yao. Mlangizi wa m'dera lanu adzakuthandizani kuyeza mizera ngati mumuuza nthawi ikadalipo.

Bambo uja ndakuuzani poyamba tsopano amayenda ndi kapepala m'thumba la malaya, pamene mwana wake wamkazi anamlembera mau asanu ndi limodzi: early, earlier, late, later, more, less. Asanatulutse ndalama amayamba wayerekeza kapepalako ndi paketi. Ogulitsa ena amamseka, koma iye sabwereranso ndi mbeu yosayenera.

Tisanasiyane tibwereze pamodzi, inu kumeneko ndi ine kuno. Big, bigger, biggest. Early, earlier, earliest. Late, later, latest. Good, better, best. Bad, worse, worst. Little, less, least. Ndipo pamene pali ponse mumva liu loyerekeza, funsani kuti, "Kuposa chiani?"

Sabata yamawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kaungidwe ka mizera yopingasa pa malo otsetsereka a m'mbali mwa Diamphwe, kuti nthaka yathu isathere mumtsinje.