Wapampando ndi wantchito wa mamembala

Tikuyankhula pa nthawi ino pamene makalabu ambiri akukonzekera kusankha atsogoleri atsopano. Uthenga wathu ndi umodzi: munthu amene mwamuika pampando ndi wantchito wanu, ndipo ayenera kuphunzira ntchitoyo tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi kudziulula tokha. Ena mwa ife tinayamba ngati alangizi a zaulimi. Tinkafika m'mudzi pa njinga yamoto, dipuloma ili m'chikwama, tikudziona ngati odziwa zonse. Chaka china tinauza kalabu ina kuti iike munda wachitsanzo m'mphepete mwa msewu kuti odutsa aziuona. Agogo ena anakweza mkono n'kunena kuti malowo amadikha madzi mu Januwale. Sitinawamvere. Chimanga chinachita chikasu ndipo feteleza amene mamembala anasonkherana anapita pachabe. Pa msonkhano wotsatira tinaimirira pamaso pa onse n'kupepesa. Tinkaopa kuti ulemu wathu wathera pompo, koma kuyambira tsiku limenelo alimi aja anayamba kutiuza zakukhosi. Kukula kwathu pa utsogoleri kunayambira pa kupepesa kumeneko.

Mpando wa kalabu si wamasewera. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale m'zaka za m'ma 1990, ambiri anayamba kugulitsa ku okushoni kudzera m'makalabu, ndalama za mabanja khumi kapena makumi awiri n'kumalowa mu akaunti imodzi. Makuponi a feteleza wotsika mtengo atayamba mu 2005, kulemba maina kunasanduka mayeso ena. Tonse tinaona atsogoleri ena akuyamba kulemba akazi awo, alamu awo ndi adzukulu, mayi wamasiye n'kubwerera chimanjamanja. Tinaonanso ena amene anadikira kuti osowa alandire kaye, iwo n'kudzalemba dzina lawo kumapeto. Makalabu a atsogoleri oterewa ndiwo amakhalitsa.

Nanga mtsogoleri wotumikira timuzindikira bwanji?

Choyamba, mabuku ake amakhala poyera. Msungichuma awerenge pamsonkhano ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, malisiti ali patebulo. Soya kapena mtedza ukagulitsidwa pamodzi, membala aliyense aone sikelo ndi maso ake, adziwe makilogalamu ake ndi mtengo wake. Amene muli m'makopaletivi dziwani kuti lamulo la makopaletivi la 1998 limafuna kuti mabuku aziunikidwa ndiponso kuti msonkhano waukulu uzichitika chaka chilichonse. Kufunsa za ndalama zanu si mwano.

Chachiwiri, akapita kumaphunziro amabwera ndi nzeru zogawira anzake. Tatopa ndi atsogoleri amene amathamangira misonkhano ya kunyanja chifukwa cha alawansi, pobwera osanena ngakhale mawu amodzi. Pa ulendo wotsatira atumizeko wina, makamaka amayi ndi achinyamata, pakuti amayi ndiwo amagwira ntchito yambiri m'minda mwathu.

Chachitatu, amalola kudzudzulidwa. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wapampando amene amakwiya akafunsidwa amatsala ndi anthu omuombera m'manja basi, ndipo mavenda akabwera ndi sikelo zawo zobera, palibe amene amamutsina khutu.

Chachinayi, amadziwa nthawi yochoka. Julius Nyerere wa ku Tanzania anatula pansi upulezidenti mwa kufuna kwake mu 1985 n'kubwerera kwawo ku Butiama komwe ankagwira khasu. Ngati munthu anasiya mpando wa dziko lonse, nanga ife tikakamiriranji mpando wa kalabu? Nthawi yanu ikakwana malinga ndi malamulo a gulu, perekani mabuku ndi chidindo kwa amene mwamuphunzitsa, mukhale pansi ngati membala wamba.

Nkhaniyi ikukhudzanso kulimbana kwathu pa mitengo ya mbewu. Timapita kuboma kukapempha kuti mitengo yoyambira izilengezedwa msanga ndi kutsatidwa. Timapempha kuti zipangizo zaulimi zizifika mvula isanagwe. Koma tikafunsa bwanji ena kuti achite zinthu poyera ngati ife tikubisa buku la kalabu pansi pa mphasa? Mawu athu amalemera kubwalo pamene m'nyumba mwathu muli mosesa.

Pomaliza, kwa inu ovota: musasankhe munthu chifukwa ali ndi ng'ombe zambiri kapena wakugulirani thobwa. Funsani kuti ankabwera kuntchito za gulu kapena ayi, anabweza ngongole yake kapena ayi, ndipo amamvera anzake akamayankhula kapena ayi. Kwa inu amene musankhidwe, pamsonkhano wanu woyamba uzani mamembala tsiku limene mudzawerenge mabuku ndi chaka chimene mudzatule pansi udindo. Mlembi alembe zimenezi.