Dotolo Samuel Katz ndi katemera wa chikuku

Amayi ambiri amene akumvera nkhaniyi anayendapo mtunda, mwana ali kumbuyo, kupita kusikelo kukamubayitsa katemera wa chikuku atakwanitsa miyezi 9. Koma ndi oŵerengeka amene anamvapo dzina la Dotolo Samuel Katz, mmodzi mwa anthu amene anapanga katemerayo, yemwe anamwalira m'chaka cha 2022 ali ndi zaka 95.

A Katz anabadwa mu 1927 mumzinda wa Manchester, m'dera la New Hampshire ku Amereka, ndipo anatsiriza maphunziro a udotolo ku Harvard mu 1952. Chimene chinaŵaloŵetsa m'ntchito yofufuza matenda ndi mliri wa poliyo umene unagwa mumzinda wa Boston mu 1955. Ataona ana ali mbwee m'chipatala, ena atafa miyendo, ena akulephera kupuma okha, anakapempha malo kwa a John Enders, katswiri amene mu 1954 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi anzake aŵiri chifukwa chopeza njira yoŵetera kachilombo ka poliyo m'mabotolo.

Ntchito imene anaipeza kumeneko inali ya chikuku. Kachilombo kake kanali katagwidwa kale mu 1954 ndi Dotolo Thomas Peebles, kuchokera mwa mnyamata wapasukulu amene ankadwala nthendayi. Chotsala chinali kukachotsa ukali popanda kukapha. Ankakaŵeta m'tizidutswa ta impso ya munthu, nakasamutsira m'mazira a nkhuku okhala ndi mwanapiye, kubwereza ndi kubwereza, mpaka katazoloŵera malo achilendowo. Kachilombo kofooketsedwa chotere sikadwalitsa kwenikweni, koma kamaphunzitsa thupi kudziteteza. Atayesa pa anyani, mu 1958 anabaya ana a pamalo ena osungirako ana olumala pafupi ndi Boston, makolo awo atavomera. Masiku ano kuyamba ndi ana otero kukanautsa mafunso ambiri, ndipo mafunsowo akanakhala oyenera. Katemerayo anagwira ntchito, ngakhale kuti ana ambiri ankatentha thupi ndi kutuluka zidzolo. Boma la Amereka linamuvomereza mu 1963, ndipo akatswiri ena anapitiriza kumufeŵetsa.

Kwawo kwa a Katz anthu ambiri ankaona chikuku ngati nthenda yongodutsa paubwana. Maso awo anatseguka ku Nigeria. Kumeneko Dotolo David Morley wa ku Mangalande, amene ankagwira ntchito ku Ilesha ndi m'mudzi wa Imesi-Ile, ankaona chikuku chikupulula ana, makamaka onyentchera, ena mwa opulumuka nkutsala akhungu. A Katz anapitako chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zinaoneka kuti katemerayo amatetezanso ana amene akulimbana kale ndi malungo ndi kupereŵera kwa zakudya. Tinene modutsa kuti a Morley omweŵa ndiwo anafalitsa sikelo ya ana osakwana zaka 5 ndi khadi lolembapo kulemera kwa mwana. Bungwe la WHO limaŵerengera kuti katemera asanafalikire, chikuku chinkapha anthu okwana 2.6 miliyoni chaka chilichonse.

Ulemu unabwera pang'onopang'ono. Kuyambira 1968 mpaka 1990 a Katz anali mkulu wa gawo la matenda a ana pasukulu ya ukachenjede ya Duke, ndipo anakhalanso wapampando wa komiti yolangiza boma la Amereka za katemera. Mu 2000 analandira mphotho ya John Howland, imene madotolo a ana kumeneko amaiyesa yaikulu koposa, ndipo mu 2003 anaŵaveka mendulo yagolide ya Albert Sabin. Mphotho ya Nobel pa katemera wa chikuku sinaperekedwe kwa wina aliyense, chinthu chovuta kuchimvetsa munthu akaŵerenga miyoyo imene inapulumuka. Mkazi wawo, Dotolo Catherine Wilfert, nayenso anali katswiri: anali mmodzi mwa otsogolera ntchito yoteteza mwana kuti asatenge HIV kwa mayi wake pogwiritsa ntchito mankhwala a AZT.

Ukalamba sunaŵapatse mpumulo. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza lipoti limene linachititsa makolo kuopa kuti katemera wa chikuku amasokoneza ubongo wa ana, ndipo ambiri ku Mangalande anayamba kumukana. A Katz anatsutsa zimenezi poyera, ngakhale pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Amereka. Lipotilo linapezeka kuti linali lachinyengo, ndipo magaziniyo inalichotsa mu 2010.