Za Kulemba Mbiri ya Boma la Mulanje

Mau onenedwa pa msonkhano wa pacaka wa Bungwe



Komiti ya Bungwe lino yapangana kuti palembedwe kabuku kofotokoza mbiri ya Boma la Mulanje. Nchito imeneyi njabwino ndithu, koma iri ndi mbuna yace, ndipo nkoyenera kuichula wotumidwayo asananyamuke.

Munthu wofufuza adzathamangira ku Zomba, ku nyumba yosungira makalata akale a dziko, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, nadzabwerako ndi mtolo wa maina ndi zaka. Adzapeza kuti mau akuti "boma" anacokera ku Ciswahili, ndi kuti tanthauzo lace loyamba ndilo linga. Adzapeza kuti m'caka ca 1893, m'masiku a Harry Johnston, kunamangidwa malinga awiri: Fort Anderson, limene linakhala likulu la cigawo cino, ndi Fort Lister, pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene panali kupita njira ya akapolo yonka ku nyanja ya mcere. Adzawerenga za nkhondo ya Azungu ndi Mfumu Mkanda m'caka comweco, ndi ya Matipwiri mu 1895. Ndiponso za Henry Brown, amene anabzala tiyi kuno mu 1891 ndi mbeu zocokera ku Misyoni ya Blantyre. Zonsezi nzoona, ndipo ziyenera kulowa m'kabukuko.

Koma atatero, wofufuzayo akaime pa mabwinja a Fort Lister. Pamenepo pali manda olembedwa dzina, a Gilbert Stevenson, mbale wace wa mlembi wa mabuku uja Robert Louis Stevenson, amene anafera pomwepo mu 1896. Anthu amene anasenza miyala ya lingalo alibe mwala wa dzina. Anthu osawerengeka amene anapyola pa mpatawo ali m'magoli alibenso. Makalata a ku Zomba ali cimodzimodzi: achula bwino wolembayo ndi anzace, koma eni dziko awachula pokha pamene anakana msonkho kapena pamene anagwira mfuti.

Nkhani ya Alomwe ionetsa bvuto limeneli poyera. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anthu awa anaoloka Ruo ndi Muloza mafuko mafuko, pothawa msonkho ndi nchito ya kalabvulagaga ya Apwitikizi, nafika m'dziko limene minda yace yabwino inali kale m'manja mwa eni mitengo ya khofi ndi tiyi. Malo okhalapo anawalipira ndi thangata. M'makalata a Boma anali kulembedwa ndi dzina lonyoza la "Anguru", kufikira Lewis Bandawe ndi anzace anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 nalimbana kuti dzinalo lileke. Lero ana ao asonkhana poyera pa Chonde, pa likulu la Mulhako wa Alhomwe. Koma banja lakuti linaolokera pa dooko liti, linalandiridwa ndi mfumu iti, linasiya ndani m'njira, zimenezo mulibe m'kalata iri yonse. Ziri m'mitu ya adzukulu okha.

Za phiri nazo ziri motero. Mabuku anena kuti Sapitwa atalika mamita 3,002, kuti Alexander Whyte anakwera phirili mu 1891 ndipo mtengo wa pamwamba pace unachedwa dzina lace m'Cilatini, kuti nkhalangoyo inatetezedwa mu 1927, ndi kuti mtengowo unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko mu 1984. Mtengowo unali mkungudza Whyte asanabadwe, ndipo tsopano macheka aumaliza pafupifupi wonse. Mabukuwo sanena kanthu kokwanira za nsembe za pa Dziwe la Nkhalamba, kapena za mwambo uja wakuti wopeza cakudya m'phiri adye yekha, osaitana mnzace. Napolo amene anakokolola midzi ya ku Phalombe m'mwezi wa March 1991, ndi matope a namondwe Freddy m'March 2023, ali ndi mafotokozedwe awiri, a akatswiri ndi a nkhalamba, ndipo onse awiri ali mbiri. Ophunzira ena aseka zimenezi monga nthano za ana. Iwowa akumbukire kuti pamene bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi mu 2025, cimene linayang'ana kwenikweni ndico ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe apatsa phirili monga mokhala mizimu.

Cifukwa cace wotumidwayo alowe m'mudzi mwa mwambo. Ayambe kwa mfumu, ndipo asapite cimanjamanja. Akhale pamphasa, asafulumize wokalamba, afunse amai paokha, pakuti pamaso pa amuna ambiri a iwo angobvomereza. Mau alembedwe m'cinenero cimene anenedwa, Cilomwe kapena Ciyao kapena Cimang'anja, kumasulira kudze pambuyo. Pamene a kwa Mkanda kapena a kwa Chikumbu anena mosiyana ndi kalata ya Mzungu, zonse ziwiri zilembedwe moyandikana. Pali cinthu cimodzi cowawa: mafumu ena anagulitsadi anthu. Kabukuko kasabise zimenezo, koma kasazilembe monga mlandu wa zidzukulu zao, zimene lero zikwatirana ndi zidzukulu za ogulitsidwawo.

Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Munthu amene analigwira ndi manja ace ali mnyamata wapitirira tsopano zaka 75, ndipo maliro a otere amveka mwezi ndi mwezi m'midzi yozungulira minda ya tiyi. Makalata a ku Zomba adzapezeka caka camawa pomwe ali. Pempho kwa Komiti ndi lakuti ndalama zoyamba za nchitoyi zigule makope ndi kulipira ulendo wa kumidzi, ndi kuti ulendowo ucitike m'cirimwe cino, mitsinje isanadzale.