MPANDO WA MKULU WA ASILIKALI A PANYANJA KU INDIA

Dziko la India linalandira ufulu wodzilamulira pa 15 August 1947, koma kwa zaka pafupifupi 11 wolamulira zombo zace zankhondo anali Mngelezi. Angelezi anai anatsatizana pa mpando umenewu: Hall, Parry, Pizey ndi Carlill.

Cifukwa cace cinali cakuti atsamunda sanali kukweza Amwenye pa maudindo akulu a m'zombo. Motero ufulu utafika, panalibe mwana wa dzikolo amene anali atazolowera kutsogolera gulu lonse. Asilikali a pamtunda anapeza mtsogoleri wao, K. M. Cariappa, mu 1949. A mlengalenga anapeza Subroto Mukerjee mu 1954. A panyanja ndiwo anatsirizira.

Mu 1955 udindowu unapatsidwa dzina lakuti Chief of the Naval Staff. Pa 22 April 1958, Ram Dass Katari anakhala Mmwenye woyamba kuulandira. Iye anayamba kuphunzira nchito ya panyanja mu 1927 m'combo cochedwa Dufferin, ndipo panapita zaka 31 kuti afike pa mpandowo.

Zipatso zinaoneka pa nkhondo ya India ndi Pakistan mu 1971, pamene zombo zolamulidwa ndi S. M. Nanda zinathira nkhondo doko la Karachi pa 4 December.

Mbendera imasinthidwa usiku umodzi, koma woyendetsa zombo amaphunzitsidwa zaka zambiri. Dziko lofuna kudziteteza lokha liyenera kuphunzitsa ana ace msanga, pakuti mmera mpoyamba.