Tsiku Lotsatira Mpikisano wa Akavalo

Lero tifuna kucheza nanu za nkhani imene ena angadabwe kuimva pa nthawi ngati ino, nkhani ya mpikisano wa akavalo. Kuno kwathu ku Malawi sitinazolowere kuona akavalo akuthamangitsana, koma abale athu ambiri amene anapita kukafuna ntchito ku Joni, ku Durban, ku Harare ndi ku Mangalande amaudziwa bwino mpikisanowu. Ena mwa iwo bwalo la Turffontein ku Johannesburg kapena la Borrowdale Park ku Harare amalidziwa ngati khomo la kwawo. Ndiponso masiku ano foni ya m'manja yachititsa kuti munthu athe kubetcha ali chikhalire pakhonde, asanaonepo kavalo ndi maso ake.

Mpikisano wotchuka koposa kummwera kwa Afrika ndi Durban July, umene unayamba m'chaka cha 1897. Umachitikira pa bwalo la Greyville mu mzinda wa Durban, kawirikawiri Loweruka loyamba la mwezi wa Julaye, pa mtunda wa mamita 2,200. Wonsewo umatha m'mphindi ziwiri ndi kanthu. Tsono tsiku lotsatira lake ndi Lamulungu, ndipo ndi za tsiku limenelo tifuna kulankhula. Phokoso latha, matikiti ong'ambika ali mbwee pansi, ndipo bambo amene anabetcha dzulo wakhala pansi ndi nyuzipepala kapena foni, cholembera chili m'manja, akubwereza zotsatira zonse mmodzi ndi mmodzi: kavalo amene anasankha anathera pati, anapambana ndani, ndipo zinalakwika pati.

Tisafulumire kumseka munthu ameneyu. Ntchito imene akuchita ndi ya khama, ndipo ambiri a ife sitifufuza za moyo wathu mosamala chotere. Iye amayang'ana kulemera kwa katundu amene kavalo ananyamula, pakuti m'mipikisano yambiri kavalo wamphamvu amamsenzetsa zolemera kuti alingane ndi anzake. Amayang'ana ngati nthaka inali youma kapena yofewa ndi mvula, popeza alipo akavalo amene amathamanga bwino pamatope ndipo ena amalefuka. Amayang'ana khomo limene kavalo anayambira, kutalika kwa mtunda, dzina la womkwera ndi la womphunzitsa. Zonsezi ndi zoona, ndipo zimasinthadi zotsatira. Munthu amene sanapitirire Sitandade 8 mumampeza akuwerengera zinthu zimenezi pamtima mwaluso lodabwitsa.

Koma kodi akamaliza kufufuza konseku amapeza chiyani? Nthawi zambiri amapeza mau awiri okha: "Pang'ono pokha." Kavalo wanga anatsekeredwa pakona. Womkwera anachedwa kummasula. Anagonja ndi mphuno yokha. Chikhala kuti mvula sinagwe, bwenzi lero tili olemera. Mau amenewa ndi okoma m'kamwa, chifukwa amamuuza munthu kuti nzeru zake zinali zolondola, linangomulaka ndi tsoka. Ndipo amene wakhulupirira kuti linamulaka ndi tsoka lokha, Loweruka linalo adzabwerera ndithu.

Mbiri ya akavalo ili ndi nkhani zambiri za "pang'ono pokha". Ku Mangalande kuli mpikisano wodumpha mipanda wotchedwa Grand National, umene umachitikira ku Aintree pafupi ndi Liverpool. M'chaka cha 1956 kavalo wina dzina lake Devon Loch, wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth II, anali atadumpha mipanda yonse ndipo anali patsogolo, kutangotsala mayadi ngati 40 kuti afike. Mwadzidzidzi anagwa chamimba pa udzu wosalala popanda chomkhumudwitsa, ndipo kavalo wina, E.S.B., anamdutsa napambana. Mu 1967 zinachitika zosiyana ndi zimenezi. Pa mpanda wa nambala 23 kavalo wina wopanda womkwera anapingasa njira, akavalo ambiri anaunjikana pamenepo, ndipo Foinavon, amene anali kumbuyo kwenikweni ndipo palibe ankamuwerengera, anapeza mpata nadutsa yekha mpaka kupambana. Mtengo wake unali 100 pa 1, ndiye kuti woponya paundi imodzi analandira mapaundi 100 pamwamba pa yakeyo.

Obetcha amakonda kusimba nkhani ziwirizi, ndipo aliyense amatolapo chomtonthoza. Wodyedwa amati, "Ine ndili ngati amene anasankha Devon Loch." Wosauka amati, "Tsiku lina ndidzapeza Foinavon wanga." Koma ife tikaziyang'ana bwino tiona kuti zonse ziwiri zikunena chinthu chimodzi: palibe kafukufuku wa kulemera, wa nthaka kapena wa womkwera amene akadaneneratu zimene zinachitika masiku awiri amenewo.

Tsono tiyeni tiwerenge pang'ono, monga amachitira ana kusukulu. Pali njira ziwiri zobetchera akavalo. Yoyamba ndi ya munthu wolandira mabetcho, amene pa Chingerezi amati bookmaker, ndipo iyeyu amaika mtengo pa kavalo aliyense. Tiyerekeze mpikisano wa akavalo atatu okha. Woyamba wamuika pa 1 pa 1, wachiwiri pa 2 pa 1, wachitatu pa 3 pa 1. Anthu aponya R60 pa woyamba, R40 pa wachiwiri, R30 pa wachitatu. Zonse pamodzi walandira R130. Akapambana woyamba, abweza R60 ija ndi R60 ina, ndiyo R120. Akapambana wachiwiri, abweza R40 ndi R80 pamwamba, ndiyo R120. Akapambana wachitatu, abweza R30 ndi R90, ndiyonso R120. Mwaona kodi? Apambane aliyense, iye watsala ndi R10 m'thumba. Sikuti ndalama zimagwa molingana chotere tsiku lililonse, ndipo masiku ena naye amadyedwa, koma mitengo yake amaikonza motero, nkumaisintha poona kumene ndalama zikupita. Iye safunika kudziwa kavalo amene adzapambane.

Njira yachiwiri ndi ya Tote, imene anaiyambitsa Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860. Apa ndalama zonse za obetcha amaziika pamodzi, eni ake nkuchotsapo gawo lawo ndi la msonkho, ndipo zotsalazo nkugawira amene asankha bwino. Gawo lochotsedwalo limasiyana malinga ndi dziko ndi mtundu wa betcho, koma limachotsedwa akavalo asanafike nkomwe pomaliza. Chotero obetcha onse tikawatenga ngati gulu limodzi, madzulo aliwonse amabwerera kwawo ndi ndalama zochepa kuposa zimene anabwera nazo. Wina akadya, wadya za anzake okhala nawo pa benchi limodzi.

Alipo amene amati, "Ine ndimasankha kavalo yekhayo amene anthu onse akumkhulupirira." Odziwa za akavalo amavomerezana kuti kavalo wotero amapambana pafupifupi kamodzi pa mipikisano itatu iliyonse, ndipo akapambana malipiro ake amakhala ochepa, osakwanira kubweza zotayika pa maulendo awiri enawo. Ena amati, "Ine ndimasankha wonyozeka, kuti ndikadya ndidye zambiri." Amenewa ndiwo amadyedwa koposa. M'chaka cha 1949 katswiri wina wa ku Amereka, Richard Griffith, atasanthula zotsatira za mipikisano yambirimbiri, anapeza kuti anthu amaponya ndalama zochuluka pa akavalo onyozeka kuposa momwe akavalowo amapambanira. Ofufuza ena apeza zomwezo m'maiko ena. Tsono wosauka, amene ali ndi kangachepe ndipo afuna kuti kachuluke msanga, ndiye amathamangira betcho lomudyera kwambiri.

Nanga za Pick 6, imene abale athu a ku South Africa amaikonda? Apa munthu ayenera kusankha opambana m'mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana. Mukakhala akavalo 10 mu mpikisano uliwonse, njira zimene zotsatira zingagwere zikwana 1,000,000. Bambo wathu uja akapeza kuti walondola isanu nkuphonya umodzi, amayenda sabata yathunthu akuonetsa anzake tikitiyo ngati satifiketi ya sukulu. Koma kumbukirani kuti Loweruka lomwelo enanso ochuluka analondola isanu, ndipo pamene wapezeka wolondola yonse, iwowa salandira kanthu.

Apa tafika pa mtima wa nkhani yathu. Kufufuza kwa Lamulungu m'mawa kumayang'ana kavalo, womkwera, nthaka ndi mvula, koma pali funso limodzi limene kawirikawiri silifunsidwa: chiyambire Januwale, ndaponya zingati ndipo ndalandira zingati? Mtima wa munthu umasunga tsiku limene anadya R2,000, umakumbukira dzina la kavaloyo ndi malaya amene anavala tsikulo, koma ma R50 ndi ma R100 a Loweruka lililonse umawataya ngati madeya. Mukamfunsa, ayankha moona mtima kuti, "Ine sindinataye, zimangobwererana." Iye sakunama dala. Sanawerenge chabe. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zake zimaoneka pokhapokha mkuyuwo utang'ambidwa.

Ndalama zimenezo zinali ndi maina ake zisanafike ku Tote. Ina inali fizi ya mwana wa Fomu 2 ku Mangochi. Ina inali thumba la feteleza la amayi okalamba ku Mzimba, amene akudikira mvula yoyamba. Ina inali malata a nyumba imene yakhala pa lintala zaka zitatu. Mayi wotsala kumudzi amauzidwa pa foni kuti ntchito yavuta kunja kuno, ndipo amakhulupirira, nkumapempherera mwamuna wake kuti zimuyendere.

Kodi Eklezia amati chiyani? Ena amaganiza kuti amaletseratu kubetcha kulikonse. Sichoncho ai. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'chaka cha 1992, pa ndime 2413, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi ndi mabetcho mwa iwo okha satsutsana ndi chilungamo. Amasanduka oipa pamene alanda munthu zimene iye ndi amene amamdalira akusowa pa moyo wawo. Amachenjezanso kuti chilakolako cha juga chingathe kummanga munthu ukapolo, ndi kuti kubera pa masewera otere ndi nkhani yaikulu. Taonani kuti muyeso wake suli pa kavalo koma pa banja. Ndipo muyeso umenewo munthu sangaugwiritse ntchito ngati sadziwa chiwerengero cha zimene wataya. Nchifukwa chake tikuti kuwerenga moona ndi ntchito ya chikumbumtima, monga kuja timadzifunsa mumtima tisanapite kukalapa.

Za kubera tingotchulapo nkhani imodzi. Mu Juni 1966, patatsala masabata atatu kuti Durban July ichitike, kavalo wotchuka Sea Cottage, amene anthu ambiri anali atamubetchera, anawomberedwa ndi mfuti m'chiuno popita kukachita masewera ake a m'mawa ku gombe la Durban. Wowomberayo anagwidwa naikidwa m'ndende. Kavaloyo sanafe. Anathamanga ndithu chipolopolo chili m'thupi nathera pa nambala 4, ndipo chaka chotsatira anafika pomaliza limodzi ndi Jollify, onse awiri nkukhala opambana. Anthu amaisimba ngati nkhani ya kulimba mtima kwa nyama, ndipo ndi yotero. Koma wobetcha wamba amene anali atafufuza zonse za Sea Cottage chaka chimenecho sakadadziwa kuti kwinakwake munthu akudzaza mfuti.

Tsono inu amayi, ndi inu akatekisiti amene mumayendera mabanja m'miphakati, mudzakumana ndi bambo wotere, kapena mnyamata amene akavalo ake ndi matimu a mpira pa foni, pakuti masamu ake ndi omwewa. Kumkalipira pagulu sikuthandiza, amangophunzira kubisa. Kumtsutsa za akavalo sikuthandizanso, chifukwa iye amawadziwa kuposa inu. Koma popeza amakonda kufufuza zotsatira, mpempheni kuti afufuze mpaka pomaliza. Mgulireni kope la ana asukulu, mujambule mizere itatu: tsiku, zimene waponya, zimene walandira. Alembe betcho lililonse asanaliponye, ngakhale laling'ono chotani, pakuti akadikira madzulo adzalemba zokhazo zimene mtima wake wafuna kukumbukira. Pakutha pa mwezi mukhale naye pansi, awiri okha, muwonkhetse.

Pa kopelo muyang'anenso zinthu ziwiri. Choyamba, ngati ndalama zoponya zimakula tsiku lotsatira kudyedwa, ndiye kuti wayamba kuthamangitsa zotayika, ndipo njira imeneyo imathera kwa a katapila. Chachiwiri, ngati akana kulemba, kapena mupeza matikiti m'thumba amene m'kope mulibe, dziwani kuti nkhaniyi yapitirira pa masewera. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera juga yosaletseka m'gulu la matenda, ndipo wodwala timamperekeza kukalandira thandizo. Gulu la Gamblers Anonymous, limene linayamba ku Los Angeles mu 1957, limasonkhanitsa anthu otere kuti azilimbikitsana. Abale athu a ku South Africa angathe kupeza uphungu waulere ku South African Responsible Gambling Foundation, ndiponso lamulo la kumeneko limalola munthu kupempha yekha kuti malo obetchera azimkaniza kulowa. A ku Mangalande ali ndi GAMSTOP, kumene munthu amalembetsa dzina lake kuti makampani obetchera pa intaneti amtsekere. Kwa amene ali kuno kumudzi, poyambira pake ndi kugwirizana kuti malipiro akafika, za fizi, za lendi ndi za chakudya zizipita m'manja mwa mayi tsiku lomwelo, Loweruka lisanafike.