Rehoboti: mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira mjigo ku mapiri a Dowa



Nditaona mjigowu ndakumbukira malo ena a m'Baibulo amene sitiwamva kawirikawiri pa guwa. Yerusalemu ndi Betelehemu ngakhale mwana wa Sande sukulu amawadziwa, koma Rehoboti ambiri timangomudumpha, poti chitsime cha dzina limeneli chimatchulidwa pa vesi limodzi lokha, Genesis 26 vesi 22.

Kunagwa njala, ndipo Isake anakakhala ku Gerari, m'dziko la Afilisti la mfumu Abimeleki. Anali wobwera. Atalemera, eni dziko anamuchitira kaduka, nakwirira ndi dothi zitsime zimene zinakumbidwa m'masiku a bambo wake Abrahamu. Taganizani, amayi, inu amene mumadziwa kutalika kwa kudambo mwezi wa Okutobala: munthu kusenza dothi n'kuthira m'chitsime chabwinobwino, kulolera kuti ng'ombe zake zomwe zife ndi ludzu, bola mnzake asamwe!

Anyamata a Isake anakumba chitsime china n'kupeza madzi. Oweta ziweto a ku Gerari anati madziwo ngawo, ndiye Isake anachitcha Eseke, kutanthauza mkangano. Anakumba chachiwiri, mkangano unabukanso, nachitcha Sitina, ndiko kuti udani. Anasuntha n'kukumba chachitatu. Apo palibe anamuputa, ndipo anachitcha Rehoboti, malo otakasuka, poona kuti Mulungu wawapatsa danga.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zitsime ziwiri zoyamba zija sizinali zouma ayi. Chimene chinasowa pa Eseke ndi pa Sitina ndi malo oti mnzako aikepo ndowa yake pambali pa yako. Isake potcha dzina sanayang'ane kuchuluka kwa madzi, anayang'ana makhalidwe a anthu ozungulira chitsimecho.

Ife a m'mapiri muno nkhani yopatsa mlendo malo si yachilendo. Mu 1889 Inkosi Chiwere inalola a Andrew Charles Murray ndi a Vlok kumanga pa Mvera. Mu 1894 a Robert Blake anayamba mishoni ya Kongwe m'dziko la Msakambewa, ndipo sukulu ya sekondale yodziwika ndi dzina lawo ilipo mpaka lero. Ntchito yomasulira Buku Lopatulika, imene anatsogolera a William Murray mothandizana ndi aphunzitsi akuda, inadzera pa Mvera pomwepa bukulo lisanasindikizidwe mu 1922. Mafumu athu akanakana malo aja, mwina dzina la Rehoboti tikanalimvera m'chinenero cha eni. 

Ndipo pali Dzaleka. Malo amene kale anali ndende ya andale, kuyambira mu 1994 akusunga abale athu othawa nkhondo a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, amene tsopano apitirira 50,000. Kumeneko anthu ndi othithikana, ndipo mizere ya zigubu pa mjigo imayamba kusanache. Ndikamawerenga za Isake ku Gerari, maganizo anga amapita kwa iwowo.

Tsono tibwere pa mjigo wathuwu. Mijigo yambiri imene ndaiona itafa m'midzi, pansi pake madzi analipo. Rabara yatha, mabeyaring'i adyeka, chogwirira chikugwedera, koma ndalama ya msonkhamsonkha palibe akudziwa kumene inapita. Pena mudzi uwu ukuti mjigo ngwathu chifukwa uli pamalo pathu, mudzi uwo n'kuleka kusonkha, mapeto ake onse kubwerera kukatunga kumtsinje kumene kumamwera ziweto. Pena akuba azula marodi usiku anthu akumva kugogoda, osatuluka. Zonsezo ndi kukwirira chitsime kumene anachita Afilisti kuja.

A komiti ya mjigo, kope la ndalama lizionetsedwa poyera mwezi ndi mwezi, pamaso pa a nyakwawa. Zipangizo zing'onozing'ono muzigula mjigo usanafe, ndipo mmisiri muzimuitana mukangomva phokoso lachilendo. Achinyamata, mangani mpanda kuti nkhumba zisafwanthule ngalande, ndipo mubzale mitengo kumtundaku. Nkhalango ya phiri la Ntchisi ndi umboni woti pamene pali mitengo, akasupe sauma msanga. Gogo amene alibe ndalama yosonkha asabwezedwe ndi ndowa youma. Mudzi woyandikana nanu wa tsidya lija ubwere udzatunge, udzasonkhe nawo, ndiponso ukhale ndi munthu wake m'komiti. Gogo Chalo, mfundo yotsirizayi ndikuisiya m'manja mwanu, chifukwa mawu anu ndi amene midzi yonse iwiri imawamvera.

Ngati mungafune kulemba dzina pa simentipo, pempho langa n'lakuti mulembe Rehoboti, ndi chaputala chake ndi vesi lake, kuti ana azikafunsa kunyumba.

Tsopano ndipemphe amayi awiri, mmodzi wa mudzi uno, wina wa tsidya lija, abwere ndi ndowa zawo adzajige madzi oyamba. Ndikulengeza kuti mjigowu watsegulidwa.